Dzanja Lamanja ndi Chibangili Chake

9 Febuluwale

Okondedwa amake ana,

Moni kwa inu ndi onse pakhomopo. Muli bwanji? Nanga bondo lija linasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, mphumu sinandivutitse chibwerereni.

Munadandaula kuti pa foni ndimangofunsa za nkhuku n'kudula. Ndamva, ndiye ndizilemba makalata n'kumapatsira adalaivala a basi monga kale.

Kampani yathu yophikayi yandisamutsa. Kuhotela kuja ndachokako, tsopano ndili kukhitchini ya nyumba ina yaikulu ya anthu a kafukufuku. Musaganize za apolisi, awa safufuza akuba. Ndi anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi kufunafuna zinthu zimene palibe akuzidziwa. Ndinafunsa akapitawo athu kuti, "Nanga akapanda kuzipeza amalandirabe?" Anati amalandira. Ndinati ntchito koma imeneyo.

Nyumbayi ndi ya nsanjika zinayi, ife tili pansi penipeni. Ine andiika pa kauntala, ndimathira tiyi ndi khofi, ndipo anthuwa ndawadziwira pa kadyedwe. Ofufuza za mankhwala amadya choimirira ngati wina akuwathamangitsa. Ofufuza za ubongo amabwera chigulu, kukangana mpaka chakudya kuzizira, khofi kumwa ngati madzi. Palinso ena osakaniza zinthu kuti apange zatsopano zimene m'chilengedwe mulibe. Mkulu wawo ndi mayi wamfupi wansangala amene m'mawa uliwonse amabwera ndi ndowa kudzatenga zigoba za mazira. Poyamba ndinkayesa kuti ali ndi nkhuku. Nditafunsa anaseka, nati amazipera n'kuziwotcha, akufuna kupanga phala lomatira fupa la munthu likathyoka. Tamutcha a Namazira, ndipo mwiniwake akuvomera.

Pamwamba penipeni pali a masamu. Amenewa ndiye sindikuwamvetsa. Alipo bambo wina wa imvi, juzi yake yoyera ndi choko mpaka m'makutu, timamutcha a Choko. Amatenga mbale n'kuiwala kudya, n'kutimalizira timapepala topukutira m'manja polembapo tizizindikiro. Akuti pali samu imodzi imene anayamba kulimbana nayo tsitsi lisanayere. Samu imodzi, amake ana! Tikanakhala ife a sukulu akanatibweza kalekale.

Ndatumiza kangachepe pa foni. Mugule misomali ya malata, ndipo mlamu wanu akwere padenga mvula isanaononge kabati. Chotsalacho mukonzetse makina osokera a mtsikana wathu Telala. Mwanayo ali ndi luso, asamachite kubwereka makina kwa anzake. Kuno anyezi wakwera mtengo moti akapitawo akumuwerenga ngati ana.

Mukhululuke malembedwe, cholemberachi n'choterera.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana


21 Malichi

Amake ana,

Kalata yanu ndinalandira ndipo ndakondwa kuti nonse muli bwino, kuti denga lasiya kudontha. Inenso ndadzuka.

Mwafunsa ngati kalata ija ndinalembera m'basi. Ayi, ndinalembera patebulo. Tebulo la m'chipinda chathu muno lili ndi mwendo umodzi waufupi, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene ndi mlonda wa pageti, amangoti akonza mawa.

Pantchito pasintha pang'ono. Pa kauntala paja andichotsapo, tsopano ndili kumbuyo, ndikusenda mbatatesi ndi kutsuka miphika. Musadandaule, malipiro ndi omwe aja. Kumbuyoku n'kwabwino, munthu umagwira ntchito utakhala pansi, wailesi ikulira. Kungoti ndimasowa macheza. Tsiku lina kunabwera alendo olemekezeka, panachitika kanthu kena ndi thileyi ya makapu, koma si nkhani yoti n'kutayira pepala. Akapitawo sanakalipe kwambiri. Anangoti tidzakambirana ikamadzatha kontirakiti.

A Choko anafika mpaka kukhomo la khitchini kudzafunsa kuti, "Bambo wanga wa tiyi uja ali kuti? Mwaikapoyu amandithirira shuga ngati akuphika jamu." Ndinaseka mpaka kudzicheka chala. N'kabala kakang'ono, kapola kale.

A Namazira nawo akuti phala lawo lija linalimba bwino koma likuphwanyika msanga, ayambiranso. Ananena akumwetulira ngati munthu amene watola ndalama. Anthu awa chinthu chikakanika salira, amangolemba m'mene chakanikira.

Palinso adokotala ena achizimayi, aatali, a kunsanjika ya ubongo, amene anandiuza kuti ndikawapeze ndikapeza mpata. Sindinapite. Ntchito yachuluka.

Nkhuku zimene zayamba kudya mazirazo musazisunge, mugulitse. Mlamu wanu njinga azibwereka, koma azibweza ndi mpweya. Telala mumuuze kuti chithunzi cha diresi chija ndaonetsa khitchini yonse, amayi otsuka mbale sakukhulupirira kuti wasoka ndi mwana wanga.

Ndine wanu,
Bambo a ana


30 Epulo

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino, ndipo mawu amenewa muwagwiritse musanawerenge zotsatirazi.

Munalemba kuti, "Tebulo silinjenjemeretsa zilembo chonchi, ndinaona dzanja la apongozi anga." Mwandigwira. Inu simunamizika chiyambire.

Ndi dzanja lamanja. Linayamba chaka chatha, pang'onopang'ono. Ndikalisiya pabondo limakhala phee ngati la munthu aliyense, koma ndikangoti ndinyamule kapu kapena ndilembe, limayamba gule wake. Tsiku la alendo lija makapu onse anathera pansi, tiyi n'kuthira nsapato za adokotala aatali aja. Ine ndinagwada kuti ndipukute, iwonso anagwada, tinakumana pansipo. Sanayang'ane nsapato. Anayang'ana dzanja langa, nati chapansipansi, "Bambo, layamba liti?" Ndinati silinayambe. Anati, "Chabwino, likadzayamba mudzandipeze."

Ndinazemba mwezi wathunthu. Ndinkakumbukira bambo anga, mmene ankadyera okha kuseri kwa nyumba chifukwa cha manyazi, ndi zonse zimene anthu ankawanenera, ena amati ndi mowa pamene munthu sanalawepo. Wandikankha ndi mnzanga mlondayu. Anati, "Achimwene, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukukhala m'nyumba yodzaza madokotala, mukufuna akudzereni m'maloto?"

Ndiye ndinakwera chikepe kupita kunsanjika ya ubongo. Adokotala anandipatsa pepala kuti ndijambule mzere wozungulira ngati chigoba cha nkhono. Changa chinatuluka ngati nkhono yoti galimoto yaiponda. Ananditumiza kuchipatala chapafupi, anandiyeza magazi, kundiyendetsa, kundigwiritsa mphuno ndi chala ngati mwana wa mkaka. Yankho lake ndi ili: si matenda opha, si oumitsa ziwalo, ndipo mutu wanga uli bwinobwino. Akuti kumbuyo kwa ubongo kuli kachigawo kamene kamaongolera manja, ndiye kwa ine kamaimba ng'oma yakeyake, dzanja n'kumavina. Amayenda m'magazi a banja. Bambo anga sanalakwire munthu aliyense, amake ana. Mawu amenewa ndinawamva ndili chikhalire, ndinapempha madzi akumwa.

Mapiritsi alipo, koma amene amathandiza ambiri sagwirizana ndi mphumu, ndipo ena amene anandiyesa ankandigonetsa pa mbatatesi. Apa m'pamene adokotala anandiuza za kafukufuku wawo. Akuyesa chibangili chovala pamkono chimene chimatekenya mitsempha ndi timagetsi tochepa, kuti mwina ng'oma ija isokonezeke. Sanandilonjeze kuchira. Anati, "Sitikudziwa ngati chimagwira, n'chifukwa chake tikuyesa. Mukakana palibe chimene chisinthe, ndipo akapitawo anu sitiwauza kanthu."

Ndinawauza kuti mutu umodzi susenza denga, ndiyambe ndafunsa kunyumba. Ndiye ndikufunsa. Ana musawauze kaye.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana


4 Juni

Amake ana,

Moni. Ndamva kuti chimfine chinazungulira nyumba yonse, pepani. Ine ndili gwa.

Zikomo pondilola, ngakhale mwandilola ndi mafunso odzaza dengu. Ndiyankhe. Ayi, sandipopa magazi, anatenga kamodzi kokha kodzaza kasupuni. Ayi, sanditsegula mutu. Inde, ndikafuna kusiya ndikhoza kusiya tsiku lililonse, anandiwerengera pepala lonse pang'onopang'ono ndisanasaine. Kusainako ndiye kunali kovuta kuposa zonse.

Tsiku loyamba anandiveka chipewa cha mawaya, atandipaka mafuta ozizira m'mutu, kuti amvere ubongo wanga. Pa kompyuta panatuluka mizere yokwera ndi kutsika. Ndinafunsa ngati akuona zimene ndikuganiza. Adokotala anati ayi. Ndinati mwayi, chifukwa ndimaganiza za akapitawo.

Tsono ndadabwa kuti nyumba yonseyi ili m'kachibangili kameneka. Kansalu kofewa komata pakhungu, kamene kamadutsitsa magetsiwo, anapanga ndi ana a sukulu a kwa a Namazira. Masamu amene amamvera kavinidwe ka dzanja kuti magetsi alowe pa nthawi yake anakonza ndi anzawo a a Choko. Anthu amene ndinkawathirira tiyi aja, onse ali pamkono pangapa.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chinandizunguza mutu. Tilipo ambiri ovala zibangili, koma theka lathu lavala zenizeni, theka linalo zongoyerekeza. Zonse zimatekenya mofanana, zonse zimayaka kanyali kobiriwira. Kompyuta ndi imene inachita maere, ndipo ngakhale adokotala sakudziwa kuti wavala chiti ndani mpaka pamapeto. Akuti munthu akangokhulupirira kuti akuthandizidwa amayamba kupeza bwino, ndiye amafuna kusiyanitsa mphamvu ya chibangili ndi mphamvu ya chikhulupiriro.

Ine ndinati a masamu sangalephere kudziwa. Lachitatu ndinawasungira a Choko ntchafu ya nkhuku yonona, ndinawapititsira ndekha patebulo ndi manja awiri. Ndinati, "Bwana, pakati pa ine ndi inu, changachi n'chiti?" Anadya ntchafu yonse, kupukuta pakamwa, kenaka anati, "Sindikudziwa, bambo. Ndipo ndikanadziwa, nkhukuyi ikanakhala yaulere chimodzimodzi." Khitchini yonse inandiseka mpaka madzulo.

Ndimavala m'mawa ndisanapite kuntchito ndi madzulo ndikaweruka. Adokotala anatinso khofi amakolezera kunjenjemera, ndiye ndamusiya, ine amene ndinkamalizira wotsala mu ketulo.

Za nkhumba imene mukufuna kugulayo, dikirani kaye tione za kontirakiti. Sikuti pali vuto, koma kudikira sikuwononga.

Wanu,
Bambo a ana


26 Julayi

Okondedwa amake ana,

Tayang'anani zilembozi! Kodi si za mnyamata uja ankakulemberani muli kwa makolo anu?

Ndili bwino kwabasi, ndipo ndikhulupirira inunso. Changa n'chenicheni, palibenso kukayika. Ndikumeta ndevu osadzicheka. Lolemba ndinamwa msuzi ndi supuni pamaso pa anthu. Wa pa kauntala uja anadwala, akapitawo anasowa wogwira, ine ndinangovala epuloni n'kukaima pamalo panga. Ndinathira tiyi m'mawa wonse, anatayika pang'ono pokha m'sosala. A Choko atandiona anakweza manja ngati timu yawo yagoletsa.

Kansalu kaja kanandibutsa totupa toyabwa pamkono. A Namazira atamva anatsika okha, kujambula mkono wanga mbali zonse, akuti thukuta la kukhitchini sanaliganizire. Sabata yotsatira anabweretsa kena kamene sikayabwa. Anati ndawathandiza. Ine ndinangotuluka thukuta basi.

Chimodzi chokha sichinandisangalatse m'kalata yanu. Mukuti Telala wabweza nsalu za makasitomala ndipo makina wawavundikira? Makina amene tangokonzetsa kumene? Mwanayo asayambe ulesi. Ngati ndi nkhani ya mnyamata mundiuze. Mumuuze kuti bambo ake akufuna kumva chifukwa.

Ndine wanu wokondwa,
Bambo a ana


16 Okutobala

Amake ana,

Pepani kuti ndakhala chete. Makalata anu awiri ndinalandira, ndipo adalaivala a basi andikalipira m'malo mwanu. Sindinadwale. Ndinali ndi manyazi, kenaka ndinali ndi maganizo.

Kafukufuku anatha mwezi watha, ndipo anatiitana mmodzimmodzi. Ine ndinalowa nditavala jekete, ndikumwetulira ngati mkwati. Adokotala anandikhazika pansi, nati, "Bambo, chanu chinali chongoyerekeza."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Ndinati nanga ndevu? Nanga msuzi? Anatembenuza kompyuta n'kundionetsa mizere ya dzanja langa, ya poyamba ndi ya pomaliza. Kunjenjemera kunatsikadi, koma pang'ono. Anati china n'chifukwa chosiya khofi, china n'chifukwa ndinasiya kuopa. Akuti dzanjali likaona kuti mwini wake akuchita mantha kuti anthu aliona, limavina kawiri. Ndinafunsa kuti, "Ndiye miyezi yonseyi ndimavala chidole?" Anati, "Munavala chimene chatithandiza kudziwa zoona." Ndinatuluka osatsanzika, zimene si khalidwe langa.

Mawa lake dzanja linavina kuposa kale lonse. Ndinapempha ndekha kubwerera ku mbatatesi.

Amene anandidzutsa ndi a Choko. Tsiku lina anabwera mochedwa anthu atatha, anakoka mpando mpaka kukhomo la khitchini, napempha mbale yodzaza. Anadya yonse, chinthu chimene sindinachionepo. Ndinati, "Bwana, samu ija yatheka?" Anati, "Yagwa. Mtsikana wina amene ndimamuphunzitsa wapeza bowo pakati penipeni. Njira imene ndayenda zaka zonsezi siifika." Ndinati pepani. Anati, "Pepani wa chiyani? Dzulo ndinalira, lero ndili ndi njala. Tsopano aliyense akudziwa kuti uko kulibe njira, sadzatayakonso nthawi." Kenaka analoza mkono wanga ndi foloko. "Inunso ndamva mukunyanyala. Pakanapanda inu a zongoyerekeza, tikanadziwa bwanji kuti enawo sakungodzinamiza ngati mmene munkadzinamizira inu?" Ndinati, "Bwana, mukunditukwana kapena mukunditonthoza?" Anati zonse ziwiri, ndipo ngati kwatsala nyama ndiwaonjezere.

Zotsatira zake akuti zenizenizo zinathandiza kuposa zathu, osati onse, osati kuchiritsa, koma kusiyana kulipo ndithu. Ife a zidole atipatsa zenizeni tsopano kuti apitirize kutiona. Changa ndavala masabata angapo. Ndikachivula m'mawa dzanja limadekha mpaka chakumasana, kenaka limakumbuka. Sindikunenanso zambiri, ndinaphunzira. Adokotala ndinakawapepesa, anati ena anachita kumenyetsa chitseko.

Kontirakiti asaina. Ndinawauza akapitawo zonse ndekha, ndi pakamwa panga. Anakanda m'mutu, nati, "Ndiye bwanji osanena kale? Ine ndimayesa mumabwera mutalawa." M'mawa ndizikhala pa kauntala, masana kumbuyo. Nkhumba ija gulani.

Tsopano za kalata yanu yachiwiri. Ndaiwerenga kambirimbiri. Mukuti munamupeza Telala akulephera kulowetsa ulusi pa singano, dzanja likugwedera, ndipo anakulumbiritsani kuti musandiuze. Ine n'kumamunena ulesi, n'kumamunena za anyamata. Munachita bwino kuswa lumbirolo. Ndimulembera yekha, koma ndipatseni masiku ndipeze mawu. Pakali pano muuzeni za ine, zonse, ndi za thileyi zomwe.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana


29 Novembala

Mwana wanga Telala,

Moni mayi. Uli bwanji? Amayi ako akuti wayambanso kudya bwino, ndakondwa. Ine ndili bwino. Kalatayi ndi yako, koma ukatha uwapatse amayi ako awerenge, chifukwa ukapanda kuwapatsa adzaiwerengabe.

Poyamba ndipepese. Ndinakunena ulesi pamene iwe unkalimbana ndi chinthu chimene ine ndemwe ndinkabisa m'thumba la thalauza. Tonse awiri tinabisira munthu mmodzi, ndipo tonse anatigwira.

Wafunsa m'kakalata kako ngati udzafike poti sungathenso kusoka. Funso limeneli ndinapita nalo kwa adokotala monga mmene unalilembera. Sanandinamize, ndipo inenso sindikunamiza. Anati sangakuyeze pa kalata, uyenera kupita kuchipatala chachikulu akakuone, chifukwa zonjenjemeretsa dzanja zilipo zingapo ndipo zina n'zochizika msanga. Alemba pepala loti ukawaonetse madokotala kumeneko, ndaliika muno. Ngati ndi zomwe zanga, akuti kwa ambiri zimayenda pang'onopang'ono kwambiri, zaka ndi zaka. Iwe ulibe mphumu, ndiye mapiritsi amene anandikana ine mwina iwe akhoza kukuyanja. Anatinso pali madokotala ong'amba anthu amene ali ndi dzanja lotere ndipo amagwira ntchito. Ndinawafunsa ngati odwalawo amauzidwa, anangoseka.

Za chibangili usayembekezere kuti ndibwera nacho m'chikwama. Sichinafike pogulitsidwa, akuti padakali kuyesa kwina ndi anthu ochuluka, ndipo chikhoza kugwa panjira ngati zinthu zina za m'nyumba muno. Koma ndaona ndi maso anga anthu amene amadzuka m'mawa uliwonse kudzalimbana ndi dzanja la iwe ndi ine, anthu oti sakukudziwa n'komwe. Agogo ako analibe ndi mmodzi yemwe. Adokotala andipempha kulowanso m'kuyesa kotsatirako, ndipo ndavomera. Akhoza kundipatsanso chidole. Ndawauza kuti palibe kanthu, ntchito ya chidole ndikuidziwa bwino kuposa onse.

A Namazira nditawafotokozera za iwe anapita kusitolo okha n'kukugulira kachitsulo kolowetsera ulusi pa singano. Akuti amayi awo ankagwiritsa ntchito komweko maso atafooka, ndipo pa zinthu zonse zimene anaona zikupangidwa palibe chimene chinawagometsa ngati kameneka. Kali mu envelopu, usakataye ndi pepala. Ukamadula nsalu uzitsamiritsa chigongono patebulo, ine ndimatero ndi mpeni. Usamagwire ntchito ndi njala kapena utakwiya. Kasitomala akaona dzanja n'kufunsa, umuuze kuti ndi la kwathu, kenaka umuonetse msoko. Anthu amatopa msanga ndi chinthu chimene mwini wake sakuchibisa.

Tchuthi andipatsa, ndifika sabata ya Khirisimasi isanakwane. Kuchipatalako tidzapita limodzi, ine ndikudziwa kale za kugwira mphuno ndi chala, ndidzakuonetsa. Amayi ako uwauze kuti asaphe nkhuku yoikira chifukwa cha ine.

Tsono pali ntchito. Ndapatsira adalaivala nsalu yoyera ndi miyezo ya anthu asanu ndi mmodzi. Akapitawo akufuna maepuloni atsopano a khitchini yonse, ndipo ine ndinawauza kuti ndikudziwa telala. Anafunsa ngati ndi wodalirika. Ndinati dzanja lake ndi langa. Anayang'ana dzanja langalo kanthawi, tonse tinaphulika kuseka, kenaka anati, "Asoke."

Vundukula makinawo, mayi. Epuloni langa ulipangire thumba lalikulu kutsogolo.

Ndine bambo ako